Mabotolo a poto wachiwiri

Loweruka, 10 Sepitembala 2016

Tomato wachuluka pa Golomoti, ogulitsa akuchita kukukakamiza. Ndagula madengu awiri. Msuzi wa sipageti wofika nawo dzinja, monga chaka chilichonse: anyezi, adyo, mchere, mafuta pang'ono, kuwiritsa mpaka ulimbe, kenako m'mabotolo a mayonezi owiritsa.

Poto woyamba ndaphika ndekha, mabotolo sikisi. Wachiwiri ndinasiyira mlamu wanga Jenifa (J.) kuti azitakasa, ine ndikupita kumaliro ku Mtakataka. Mabotolo seveni. Pa zivindikiro ndalemba 1 ndi 2.

J. sakundiyankhula bwino chiyambire Lachinayi. Ndinamuuza kuti ukwati wake unatha, inde, koma miyezi isanu m'nyumba ya mphunzitsi ya zipinda ziwiri ndi yambiri.

Lachitatu, 14

Zivindikiro zitatu zatukumuka, zonse za 2. Ndatsegula botolo limodzi: thovu, fungo ngati la masese.

Tomato yemweyo, mabotolo owiritsidwa limodzi, shelefu imodzi. Chosiyana ndi dzanja lotakasa basi.

Ndafunsa J. ngati anaphula msanga. "Ayi alamu, unawira mmene munanenera." Maso ali ku mbaula.

Lachinayi, 15

Botolo lina latukumuka. Mayi oyandikana nafe akuti ndipite nalo kwa sing'anga. Zimenezo ayi. Munthu wokwiya safuna mankhwala, supuni imodzi ya madzi otsukira mbale ikwana.

Ndauza amuna anga, a Bonifasi (a B.), kuti ndikapeza umboni mchemwali wawo abwerere kumudzi. Iwo: "Ndi tomato chabe, mayi a Tiyanjane." Ali kalikiliki kupukuta njinga yoyera kale.

Lachisanu, 16

Ndabwereka mapepala oyezera asidi ku labu ya kusukulu. Ndasefa msuzi pa nsalu. Wa 1: pH 4. Wa 2, botolo losatukumuka: 6. Ndabwereza kawiri, chimodzimodzi.

Buku la sayansi likunena momveka: chimene chimasunga tomato m'botolo ndi kuwawasa kwake. Nambala ikapitirira 4.6 tizilombo timaswana, tina takupha. Madzi akuda sangaikweze chotere. Soda angathe.

Paketi ya soda ndinagula sabata yatha. Yatsala theka. Therere taphika kamodzi.

Loweruka, 17

Ndaika paketi ija patebulo, J. akusankha mpunga.

"Inde, ndinathira. Masupuni atatu."

"Chifukwa?"

"Msuzi wanu umawawasa, alamu."

"Wadandaula ndani?"

Wapitiriza kusankha mpunga. Kenako: "Ndipita Lolemba."

Wavomera, koma china sichikukwana. Wofuna kuwononga sawerenga masupuni. Komanso J. sipageti sadya n'komwe, amati ndi nyongolotsi. Kuwawasako kukumukhudza pati?

A 2 onse ndataya m'chimbudzi. Masana tadya wa 1.

Lamulungu, 18

Pochokera ku misa ku Mua a B. anati nditsogole, akufuna machesi pa golosale. Ndinacheuka. Anagula mapiritsi a chilungulira, n'kuwalowetsa m'thumba lamkati la jekete. Machesi sanagule.

Lolemba, 19

M'mawa chikwama cha J. chinali pakhomo, chomanga kale. Ndinaitana a B. kuti aime pomwepo.

"Bambo a Tiyanjane, soda uja anamutuma ndani?"

Anayang'ana nsapato. "Ndine. Msuzi wanu umandiwotcha pamtima. Ndimati authyoleko ukali pang'ono, ngati mmene amachitira ndi masamba."

"Umakuwotchani kuyambira liti?"

"Tiyanjane asanabadwe."

Tiyanjane ali Fomu 4.

"Ndiye sabata yonseyi mwangokhala chete, mwana wa mayi anu akumanga katundu?"

"Ndimati mabotolo akatha nkhani ithanso."

J. anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Achimwene, ndinakuuzani kuti muwauze. Munati mukuopa kuti akakuyezani ku labu."

Ndinapepesa. Mawu anatuluka ouma, sindinawazolowere. Ndinagwira chikwama kuti ndichilowetse, J. anagwira mbali inayo.

"Alamu, minibasi indisiya."

"Ikusiyeni."

Sanasiye, sanakoke. Belu la kusukulu linalira, ndinawasiya choncho awiriwo.

Ndabwera masana. Chikwama chili kuchipinda, chikadali chomanga. J. ali pakhonde, akusoka bulauzi.

"Ndikhala mpaka Lachisanu, alamu. Kenako ndiona ndekha."