Ana Awiri, Dzina Limodzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chitakale tilipo, ndipo amayi mwendo uja wasiya kutupa.

Ndikuuzeni za pulogalamu yathu ya pakompyuta ija yokumbutsa azimayi tsiku la katemera wa ana. Mnzanga Chikondi analemba mayeso oona ngati mndandanda wa ana umene pulogalamu ikutulutsa ukufanana ndi umene tikuyembekezera. Mayesowo ankangolephera chifukwa ana omwewo ankatuluka atasinthana malo. Ndiye anawakonza kuti asamalabadire woyamba kapena womaliza, azingoona dzina ndi mudzi, ndipo dzina lobwerezedwa aziliwerenga kamodzi. Mayeso anadutsa, ife n'kuomba m'manja.

Koma mukudziwa kwathu kuno, ana apachibale amatchedwa dzina la agogo amodzi. M'mudzi wina muli a Esinati awiri, ana a munthu ndi mng'ono wake. Pulogalamu inkataya mmodzi, mayeso osaona kanthu. Lachiwiri mayi wa wotayidwayo anatulukira ku ofesi, mwana kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Wa mchemwali wanga uthenga unafika. Nanga wangayu walakwanji?"

Chikondi tsiku limenelo sanadye. Sindinamukalipire, poti inenso ndinaziona n'kuvomereza. Mwamwayi mwanayo wabayidwa katemera wake. Tsopano mayeso akuona nambala ya buku la kusikelo, n'kuwerenganso kuti ana alipo angati. A Esinati awiri tawaikamo dala, kuti mmodzi akadzasowanso yoyamba kudandaula idzakhale kompyuta, osati mayi wake.

Mukapeza mpata mumuimbireko Chikondi, mawu anu amawamvera. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Tadala