Zitsa za Kumanda ndi Mzime Wanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno kwa Ndamera dzuwa likuotcha monga mukulidziwira, koma mitambo yayamba kuunjikana kumapiri, ndipo madzi a Shire ayamba kufiira.

Ndiyambe ndi zabwino. Chimwalirireni inu, pabanja pano pabadwa ana anayi, atsikana atatu ndi mnyamata mmodzi. Wa mng'ono wanga Esitere tamutcha dzina lanu. Mapira tinakolola madengu khumi ndi anayi, mbalame zitadyako gawo lake. Mbuzi zatsala zisanu ndi imodzi, ina inagwidwa ndi ng'ona ikumwa madzi.

Tsono chimene chandikhazika pansi ndi Lukasi, mzime wanu. Madzi osefukira atakwirira dimba lake ndi mchenga, mkazi wake anabwerera kwawo. Lukasiyo anasiya kubwera kutchalitchi, ine n'kumayesa kuti ndi manyazi chabe. Mwezi wathawu ndinapita kukalambula pamanda panu, ndipo ndinapeza zitsa. Mukudziwa kuti sindidutsa chinthu osachiwerenga. Msitu wa kumanda unali ndi mitengo ikuluikulu makumi atatu ndi iwiri, lero yatsala makumi awiri ndi umodzi. Wadula ndi Lukasi, Amayi. Wakhala akuwotcha makala n'kumakagulitsa kumsewu kwa apaulendo, poti wakuno sangaphikire moto wa kumanda.

Mtondo umene unkakupatsani mthunzi nawonso wapita. Munkati mtengo wa m'mbali mwa mtsinje ndi m'bale, umakugwirira nthaka iwe uli mtulo. Tsopano gombe layamba kugumuka chakumunsi kwa manda.

Anyamata a m'mudzi anaphwasula ng'anjo yake, namuthamangitsa ndi zikwanje. Anathawira kudambo, kutsidya, kumene asodzi amamanga misasa m'mabango. Asodziwo abwerako kale poopa madzi, iye watsala yekha. Lamulungu likubwerali akulu a mpingo akhala pansi kuti amudule mumpingo. Ndinawapempha kuti adikire, n'kuwakumbutsa za mbusa uja amene anasiya khola lonse chifukwa cha imodzi. Anandimvetsera mwaulemu, koma tsiku sanasinthe.

Sindikubisirani, ndamukwiyira. Mulungu anatisungitsa mitengo ija, ndipo makolo sanathyolemo ngakhale kanthambi. Koma ndikumvanso mawu anu aja, akuti mbuzi yosochera saiitana ndodo ili m'manja.

Mawa m'mawa ndikuwoloka. A Fole, msodzi woyandikana nafe uja, avomera kunditenga pa mwadiya wawo, bwato losema lija, ngakhale akuti madzi akukwera ndipo dzuwa likapendeka sandidikira. Sindinakwereponso bwato chichitikireni chigumula chija. Lukasi ndamuphikira mbatata, ndamuchapiranso malaya ake a kutchalitchi. Kuseri kwa nyumba ndafesa mitondo khumi ndi umodzi m'timachubu. Ndikufuna adzaibzale ndi manja ake, anthu akuona, ine nditaima pambali pake kuti wofuna kumutema ayambe ndi ine. Akakana kubwera, a Fole abwerera okha. Ndikhala naye m'mabangomo kufikira atavomera.

Munabereka asanu ndi awiri, Amayi. Anayi muli nawo kale kumeneko. Ambuye akandithandiza, ndikukulonjezani kuti wachisanu simumulandira dzinja lino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi