Ndinamasula Dzanja la Mwana Wanu

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvutitsani. Kuno tikudzuka. Amayi ali bwino. Alamu anga, akazi anu, akulimba mtima, ngakhale aonda ndi kukhalira pabenchi ya chipatala miyezi iwiri yathunthu.

Za mwana wanu ndinakuuzani pafoni kuti bala lapola. Si bodza, koma sindinanene zonse.

Mukudziwa kuti kuwodi yathu ya anthu opsa ndi moto tinayamba kugwirira ntchito pamodzi chaka chatha. Kale aliyense ankangoyendera yake. Tsopano Lachiwiri lililonse timakhala pansi: adokotala a opaleshoni, ife anamwino, mayi wowongola ziwalo, ngakhale ozimitsa moto amene timayenda nawo m'masukulu. Wapakamwa pamisonkhanoyo ndinali ine, kumangolalikira anzanga kuti mutu umodzi susenza denga.

Mwana atabwera ndi dzanja lopsa ndi madzi a m'ketulo, aliyense anachita mbali yake. Adokotala anasenda khungu pantchafu n'kulimata padzanjapo, ndipo linagwira bwinobwino. Mayi wowongola ziwalo anaumba kapulasitiki kolimba komangirirapo zala kuti zikhale zowongoka. Anatiuza momveka kuti chipsera chimakoka, tikamamasula zalazo zidzafumbata osatambasukanso. Ndinamva. Ndinalembanso ndi dzanja langa papepala la pabedi pake.

Koma achimwene, inu simunamumve akulira. Ana a eni ndimawamanga tsiku ndi tsiku mtima uli m'malo. Uyu ankandiyang'ana m'maso n'kumati azakhali ndimasuleni pang'ono chabe, sindiuza munthu. Loweruka ndi Lamlungu mayi wowongola ziwalo uja sabwera, ndiye ndinkamasula. Kenako ndinayamba kumasula ngakhale mkati mwa sabata, akangotuluka pakhomo. Ndinachita zimenezi masabata asanu.

Chifundo chinapha nkhwali. Zala zitatu zapindikira m'chikhatho n'kuumira momwemo, ndipo ndi dzanja lamanja. Pensulo sakuigwira, ngakhale batani la diresi akumangiridwa ndi amayi ake.

Lachiwiri lapitali adokotala anafunsa kuti zinalakwika pati. Maso onse anatembenukira kwa mayi uja, ena n'kumanena kuti mwina anaumba molakwika. Iye anangoti sakumvetsa, misozi ili lengelenge. Ine ndinali pampando woyandikana naye, koma sindinaulule kuti wolakwa ndine. Mwananso sanaulule, akusunga lonjezo lake. Alamu amandithokoza m'mawa uliwonse kuti pakanapanda ine sakanadziwa kolowera, ndipo ndimasowa poyang'ana.

Kalatayi ikamakupezani ndidzakhala nditaulula kwa adokotala ndi kwa mayi uja. Ntchito ikatha, ithe. Kwa alamu ndiye ndikusowa poyambira.

Adokotala akuti ayesanso opaleshoni mwezi wamawa. Mwina zala ziwiri zingawongoke, chachitatu sakulonjeza. Akatero adzamumanganso, ndipo ululu wake udzaposa woyamba uja.

Chonde bwerani mudzakhale pambali pake ndinu. Ine ndapempha kuti andisamutsire kuwodi ina nthawi imeneyo isanafike. Musaganize kuti ndikumuthawa mwana. Ndikudzidziwa, achimwene: akadzangolira, ndidzamasulanso.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse a m'nyumba mwawo, koma nkhaniyi musawauze kaye. Mulungu akutsogolereni paulendo, ndipo akhudze dzanja limene ine ndaliwononga.

Ndine mlongo wanu,
azakhali a mwana wanu