Mawu Anu Akulonderabe Nkhokwe

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Chifunda tilipo. Mkazi wa mwana wanu Yona wachira, mwana ndi wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo kukuwa kwake ndi kwanu ndithu. Chimanga chinachita bwino, koma mtedza unapsa ndi dzuwa.

Nkhani yaikulu ndi ya nkhokwe. Mukukumbukira tsiku lija Yona anakujambulani pa foni mukugogoda chitini, mukukalipira njovu kuti, "Chokani, mbala inu, munalima nawo?" Maliro anu atatha, anabwera ndi kamera ya sola ndi sipika, nazimangirira pamtengo pafupi ndi nkhokwe. Kamerayo imadziwa kusiyanitsa njovu ndi mbuzi, ndipo ikaona njovu sipika imatulutsa mawu anu aja. Nditawamva koyamba ndinangokhala pansi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mawuwo ankasungidwa m'makompyuta a kampani ina kutsidya la nyanja. Chithunzi chinkayamba chapita kumeneko, kenako eni akewo n'kukulolani kuyankhula, zonsezi m'kuphethira kwa diso. Titangokolola, netiweki inasowa. M'mawa wina njovu inafika, kamera inaiona, koma inu munali chete. Inaphwasula mbali imodzi ya nkhokwe. Chimangacho chinandipweteka, koma ndinalira kwambiri poganiza kuti amayi anga akugona kwa alendo, ndipo kubwera kwawo mpaka apemphe.

Paja munkakana kusungitsa mbewu kushedi ya kumsika. Munkati, "Mbewu yanga igone pomwe utsi wanga ukuifikira." Ndinamuuza Yona zomwezo. Anadandaula kuti akakhala ku Chama sazionanso nkhokwe pa foni, koma anabweretsa kabokosi kochepa ngati sopo. Kali m'chipinda chanu, ndipo manje mawu anu ali mmenemo. Sikafunsa munthu aliyense.

Dzulo dzuwa likutuluka kunabwera njovu yaikazi ndi mwana wake, netiweki kulibe. Munakuwa, Amayi. Inaima, inatambasula makutu, n'kubwerera kutchire. Ine ndinali pakhomo nditanyamula mnzanu wadzina. Tinakuikani m'manda ndi manja athu, koma chimanga cha chaka chino mwatipulumutsira ndinu.

Ndimakukondani. Ndikulonjeza kuti simudzagonanso kwa alendo.

Ndine mwana wanu,
Tisa