Kagalimoto ka Maziko pa Msewu wa Kuphiri

Mbedza, Zomba

Okondedwa achimwene a Dickson,

Muli bwanji ku Mzuzu kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumangoseka, mumvekere Malita ndiwe wamantha chibadwire. Pepalali simulidula pakamwa.

Nkhani ndi ya kagalimoto kamatabwa kaja munamusemera mwana wanga Maziko pa Khirisimasi. Ana a kuno amathamangitsa timagalimoto tawo m'ngalande ya simenti kuseri kwa tchalitchi, mnzawo Sefu n'kumawerenga nthawi pa foni ya mlongo wake. Ka Maziko kanaposa tonse, masekondi khumi ndi awiri. Mwana anakuimbirani akudumphadumpha. Inu munamuyankha chiyani? Munati ka mwana wanu Herbert kamatha masekondi anayi okha, ndiye Maziko ndi kamba. Munawonjezanso kuti akadzaposa Herbert mudzamugulira njinga.

Achimwene, kwanuko ndinafikako, ndinaona ndi maso angawa. Herbert amatsetseretsa kake pa thabwa limodzi lotsamira pa mgolo, lalifupi ngati chitseko, lopalidwa see. Ngalande yathu ndi yaitali, kuchokera pa mjigo mpaka kumsewu, siyotsetsereka kwenikweni, ndiponso muli mchenga ndi makoko a nzimbe. Zimenezi n'zoyerekeza, eti?

Mwana wa Sitandade 3 sadziwa kuti amalume akungocheza. Anathira mafuta anga ophikira m'mateyala, sizinathandize. Anamangirira mwala pamwamba, chimodzimodzi. Kenaka anaganiza kuti pakufunika potsetsereka kwambiri. Loweruka ine ndili kumsika ndi tomato wanga, iye ndi Sefu anakwera msewu wa kuphiri, wokhotakhota uja umatsika malole a mitengo ya paini.

Anakasiya kagalimotoko pakati pa tala n'kumakathamangira pambuyo. Pa kona panatulukira lole yodzaza. Bambo wina wotsitsa nkhuni, a Stambuli, anataya njinga yawo n'kumukokera Maziko kutchire ndi kolala ya shati. Anabwera naye kunyumba mawondo ali magazi okhaokha, dzino lakutsogolo litabenthuka. Anandiuza kuti dalaivala sanamuone n'komwe. Anandifunsanso kuti kodi mwanayu alibe wamkulu womulangiza. Ndikanati chiyani? Kuti wamkuluyo ndi amene anamutuma?

Ndikumutsuka mabala, iye anali kalikiliki kufunsa Sefu ngati anaimitsa wotchi. Sefu anati anaiwala ndi mantha. Ndiye akuti abwererakonso Loweruka likubwerali, poti ulendo ujawu sunawerengedwe.

Ndamukwapula, ndalira pamaso pake, kagalimoto kanu ndakaponya m'chimbudzi. Dzulo ndamupeza kuseri kwa bafa akusema kena ndi mpeni wanga, mateyala ake zitsekerero za mabotolo. Akuti amayi simudziwa za magalimoto, odziwa ndi amalume. Bambo ake ali ku Joni, mukudziwa. Ine ndisiye geni ndizimulondera? Nanga tidya chiyani? Ndikangomva hutala kumsika, ndimaimirira n'kuyang'ana kuphiri.

Choncho muimbireni Loweruka lisanafike, ndipo osati zoseka zanu zija. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti thabwa lanu ndi lalifupi, kuti munalakwitsa kuyerekeza, kuti ku ngalande anawina kale. Njingayo kaya mugula kaya simugula, koma muichotse pa nkhani ya masekondi. Ine samandimvera, amamvera inu.

Mukakhala chete, chinthu n'kukachitika pa phiri paja, musadzabwere kudzakhala kutsogolo kuti ndinu mwini mbumba. Sindidzakupatsani ngakhale mpando.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa Herbert, iye alibe mlandu. Mulungu akusungeni, koma makamaka asunge mwana wanga kufikira mutaimba.

Ndine mlongo wanu,
Malita