Mwala Wanu wa Kubafa

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ndikufunsa mwamwambo chabe, poti ndikudziwa kuti simuyankha. Ngakhale muli moyo foni munkaisiya pawindo n'kupita kudimba, ine ku Mzimba kuno n'kumaimba ngati wamisala.

Ndiyambe ndi zakumudzi, mungati sukulu inandiiwalitsa khalidwe. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, anachira mu Epulo. Mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu, ndipo watengera mphuno ndi ukali womwe. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikungotulutsa ngayaye, moti m'nkhokwe chalekeza m'chiuno. Mbuzi yanu yamawanga ija yalowa kawiri m'dimba la eni ake. Yohane akuti aigulitsa, ine ndamuuza kuti ayambe wadzigulitsa yekha, poti khola analonjeza kukonza pamaliro lija mpaka lero lili chitsegukire.

Koma chomwe ndalembera ndi china. Ndabwera kudzadzinenera ndekha mlandu.

Mukukumbukira kuchipatala ku Embangweni, kutatsala masiku awiri kuti mutisiye? Munandigwira dzanja n'kunena kuti: "Mu Julaye ukapite ndi anzanga kuphiri. Utenge mwala wanga wokwechera mapazi, ukausiye pamulu. Ukatsika, kulira kuthe." Ndinavomera. Munthu ali ndi dilipi pamkono ungamutsutse bwanji? Munadziwa nthawi yondigwirira.

Zaka zonsezi ulendo wanuwo ndinkauseka. Amayi a kutchalitchi kuyenda wapansi masiku atatu kuchokera ku Jenda, kugona pamikeka m'matchalitchi a m'njira, tsiku lomaliza n'kukwera phiri, aliyense atamangirira mwala wochokera pakhomo pake. Pamwamba kutchula chimene chikumulemera, kuusiya pamulu, n'kutsika osacheuka. Ndinkakufunsani ngati Mulungu anagontha kuti mpaka muzichita kumuyandikira. Inu munkati: "Sitikwera kuti Iye amve. Timakwera kuti ife titope, tisiye makani."

Ndinapita, Amayi. Ndinali ndi NyaJere, mnzanu wapamtima uja, komanso Tiwonge amene ndinaphunzira naye kuyunivesite, ndinachita kumukoka kuti ndisakafe ndekha pakati pa nyimbo. Ndinagula nsapato za pakaunjika zomwe wogulitsa analumbira kuti ndi zokwerera mapiri. Pofika tsiku lachitatu zinali zitanditulutsa matuza zala zonse. NyaJere, ndi imvi zake zija, anavala masilipasi omangidwa ndi waya, koma ankandipitirira akuimba, n'kumandidikira kutsogolo atakhala pathanthwe ngati akudikira basi. Anandifunsa ngati digiri ndinaiiwala kunyumba, poti mwina ikanandikankha kumbuyo. Ndinangomudutsa ndikupuma wefuwefu.

Phiri lanu lija silinso momwe munkalisimbira. Mitengo ya masuku yatsala zitsa, m'mbali monse muli mauvuni a makala. Kasupe amene munkati madzi ake amazizira mpaka m'mano wauma, mwangodzaza masamba. Nkhungu inatitchinga kuyambira m'mawa, mphepo ikulowa mujuzi ngati ili ndi chifukwa ndi ine. Tiwonge anasiya nthabwala. Nyimbo zinayamba kuduka pakati, pongomveka kupuma kwa anthu ndi miyala yogubuduka kumapazi.

Pakasupe woumayo tinakhala pansi kuti tipume. Mwala unali utandisupula m'chiuno, ndiye ndinamasula chitenje kuti ndiumange bwino. Apo ndi pamene ndinalakwitsa, chifukwa ndinauyang'ana. Mwa miyala yonse ya m'boma la Mzimba, Amayi, munasankhiranji umenewu? Mbali imodzi unasalala ndi zikang'a zanu. Mbali inayo uli ndi kadzenje pomwe chala chanu chachikulu chinkagwira. Chala changa chinalowamo ndendende. Ndinaununkhiza, anthu akuyang'ana kwina, ndipo sopo akumvekabe. Ndinamva kukwecha kuja kwa m'mawa kuseri kwa bafa laudzu, inu mukundilalatira kudzera mumpanda kuti mbale sizidzitsuka zokha.

Zitenje zanu anagawana azakhali. Baibulo anatenga Yohane, ngakhale sindinamuonepo akulitsegula. Mapoto ali kwa mpongozi wanu. Mwala uwu palibe anaufuna, unangotsala pakona ya bafa. Ndiye munkafuna kuti chinthu chokhacho chimene chikudziwabe dzanja lanu ndikachitaye pamulu, pamvula, pakati pa mavuto a anthu ena?

Ndinatola mwala wina pakasupepo, wofanana kukula. Wanuwo ndinaubisa pansi penipeni m'chikwama changa.

Pamwamba mulu uja ndi wofika m'chifuwa. Azimayi aja ankagwada mmodzimmodzi, wina kutchula mwamuna wodwala, wina mwana amene anapita ku Joni osamvekanso. Itafika nthawi yanga ndinagwada, ndinaika mwala wachilendowo, n'kugwedeza milomo ngati ndikupemphera. Sindinatchule kanthu. Tiwonge anandikumbatira akulira, akuti tsopano ndapepukidwa. Ndanamizapo anthu, Amayi, koma kunama utagwada kumawawa mwamtundu wina.

Potsika NyaJere anatsalira dala kuti tiyende awiri. Kenako, maso ali kunjira, anati: "Mwala wa amayi ako ndimaudziwa, mwana wane. Tinakatola limodzi kumtsinje iwe uli kumsana. Wasiya uja si wawo." Ndinakonzeka kukalipiridwa, mayankho ndinali nawo kale atatu. Koma anangonditambasulira dzanja pamalo poterera n'kunena kuti: "Mbwenu, basi nyamula. Ngwako."

Bola akanandikalipira. Chikwama chija chinalemera kutsika kuposa kukwera.

Panopa mwala uli kuno kwanga, pawindo la bafa la matailosi, pomwe ukuoneka ngati mlendo wosaitanidwa. Sindiukwechera, ndikuopa kufafaniza malo anu. M'mawa uliwonse ndimangoikamo chala, kenako n'kupita kukaphunzitsa ana a eni ake kuti bodza ndi loipa. Kulira sikunathe. Koma mlandu tigawane: inunso munalakwa kundituma ntchito ziwiri paulendo umodzi. Kukwera phiri ndakwanitsa. Inayo munandiyesa wamkulu kuposa momwe ndilili.

Mundipatsireko moni Bambo amene munawapeza kumeneko, koma nkhaniyi musawauze, adzaseka mpaka kutsokomola. Ndimakukondani, Amayi, mwina mopitirira momwe munalolera. Lonjezo langa ndi ili: Julaye akubwerayu ndikweranso, ndi masilipasi, mwala wanu weniweniwo uli m'chiuno, ndipo pamulu paja ndikatchula dzina lanu mokweza. Zoti ndikausiya sindilonjeza. Ndakunamizani kamodzi, kwakwana.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Thoko