Dzanja likunjenjemera, ndisiye mankhwala?

Aphungu,

Ndine wolemba zikwangwani. Ndagwira bulashi zaka khumi ndi zisanu, ndipo mzere ndinkauwongola popanda lula.

Chaka chatha mwana wathu woyamba anatisiya. Ndinafookeratu, osadya, osatuluka m'chipinda, mpaka penti anauma m'zitini. Mayi a kunyumba anandikokera kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda ovutika maganizo, ndipo anandipatsa mapiritsi akumwa m'mawa uliwonse. Kunena zoona, anandithandiza. Ndinayambanso kuseka ndi kupita kuntchito.

Koma dzanja linayamba kunjenjemera pang'ono. Ndinkangopirira. Sabata yatha ndinaterereka pamakwerero n'kupweteka msana, ndiye mlamu wanga anandigawira mapiritsi amphamvu opha ululu, amene anawatsalira atachitidwa opaleshoni. Kuyambira pamenepo zinthu zafika poipa: miyendo ikumadzidzimuka yokha, nsagwada kulimba, thukuta kamukamu ngakhale kukuzizira. Dzulo mwini golosale anayang'ana chikwangwani chake nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amisiri, mwayamba liti kumwa m'mawa?" Chonsecho ine mowa sindilawa.

Maganizo ndamanga kale: ndisiya mapiritsi a adokotala aja, poti ndi amene anayambitsa. Dzanjali ndiye khasu langa. Chimene ndikupempha ndi nzeru ya mmene ndingawauzire mayi a kunyumba, chifukwa amaima pambali panga mpaka ndimeze.

W.D., wolemba zikwangwani

Amisiri,

Pepani kwambiri ndi imfa ya mwana. Koma nzeru mukupemphayo sindikupatsani, chifukwa amene akufunika kumva nkhaniyi msanga ndi adokotala.

Mu ubongo muli timadzi tonyamula uthenga pakati pa mitsempha. Tina mwa ito timatchedwa serotonini. Ambiri amaidziwa pa nkhani ya kukhazika mtima pansi, koma imathandizanso kulamula minofu kuti ikungike bwanji, imasuke liti. Mankhwala ambiri a matenda anuwo amawonjezera mphamvu yake, n'chifukwa chake ena amanjenjemera pang'ono. Mapiritsi ena opha ululu amachitanso chimodzimodzi. Awiriwo akakumana m'thupi, serotonini imasefukira, minofu n'kumavina popanda ng'oma. Sindinakupimeni, koma zimene mwafotokozazi zikuloza komweko, ndipo si zodikira nazo.

Mapiritsi a alamu anuwo musamwenso ndi limodzi lomwe. Mukangowerenga yankholi nyamukani mupite kuchipatala, mutenge mapaketi onse awiri, ndipo akazi anu akuperekezeni. Musayendetse galimoto kapena njinga, makwerero aiwaleni kaye. Mukafika, nenani zonse: munayamba liti, mumamwa angati. Za mapiritsi a m'mawa aja akagamule ndi adokotala. Mwina awaimitsa kaye, mwina achepetsa mlingo, mwina asintha mtundu. Auzeninso kuti mumadya za m'manja mwanu, kuti asankhe moganizira ntchito yanu. Kawirikawiri kunjenjemera kotereku kumatha mankhwala akakonzedwa.

Kusiya nokha mwadzidzidzi kungakubweretsereni chizungulire, ndiponso kukubwezerani m'chipinda muja. Akazi anu anakutulutsanimo kamodzi, musawabisire kanthu.

Chenjezo langa ndi ili: thupi likatentha kwambiri, mtima ukamathamanga, kapena mukayamba kubalalika mutu, musaime pamzere, uzani anamwino pomwepo. Alamu anu muwathokoze, anachita mwachifundo. Koma muwauze kuti mankhwala si mchere wopemphana.

Aphungu